Chifukwa chimene anthu sakhulupiriranso nkhani za zionetsero ndi zipolowe

Zionetsero zikabuka ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Mzuzu, munthu wokhala pa Lizulu, pa Chimbiya kapena ku Nsipe amalandira nkhani ya tsiku limodzi lomwelo m'mitundu itatu. Wailesi ya boma imamuuza kuti kagulu ka anthu osafunira dziko zabwino kamafuna kusokoneza mtendere koma apolisi abwezeretsa bata. Wailesi yomwe si ya boma imamuuza kuti khamu la anthu linatuluka kukapereka madandaulo ake, apolisi n'kulithira utsi wokhetsa misozi. Kenaka foni ya m'manja imamubweretsera uthenga wa mawu pa WhatsApp, wochokera kwa munthu wosatchula dzina lake, wonena kuti mitembo yadzaza kuchipatala ndipo akuluakulu akubisa. Masiku ano anthu ambiri amafulumira kukhulupirira uthenga wachitatuwo, ngakhale kuti ndi umene ulibe mwini woti n'kumufunsa kumene wazitenga.

Kawirikawiri anthu ophunzira amati vutoli ndi la umbuli wa omvera, kapena amaloza chala masamba a mchezo a pa intaneti. Ine ndikuona kuti gwero lake n'lakale kuposa foni ya m'manja. Amalawi sadabadwe okayika. Adaphunzira kukayika kuchokera kwa ofalitsa nkhani eniake, amene pa masiku ovuta kwambiri m'mbiri ya dziko lino, pamene munthu ankafunitsitsa kumva zoona, adanena bodza, kapena adanena theka la nkhani, kapena adangokhala chete n'kumaulutsa nyimbo. Kuti timvetse chifukwa chimene mlimi wa mbatata ya kachewere ku Tsangano amapukusira mutu akamva mawu akuti boma latsimikiza, tiyenera kuona zimene makolo ake adamva pa wailesi yomweyo.

Mu ulamuliro wa chipani chimodzi, wailesi inali imodzi yokha, ya MBC, ndipo nyuzipepala zazikulu ziwiri, Daily Times ndi Malawi News, zinali m'manja mwa kampani ya Kamuzu Banda. Mu Meyi 1983, nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa Nyumba ya Malamulo a David Chiwanga, adapezeka atafa m'boma la Mwanza. Dziko lidauzidwa kuti anthuwa adachita ngozi ya galimoto akuthawa. Panalibe mtolankhani wa m'dziko muno amene akadayerekeza kufunsa funso, ndipo nkhaniyo idakhala choncho zaka zoposa khumi, kufikira pamene komiti yofufuza imene idakhazikitsidwa mu 1994 idapeza kuti anthuwo adachita kuphedwa ndipo ngoziyo inali yokonza. Akuluakulu amene adazengedwa mlandu pa nkhaniyi khoti lidawapeza osalakwa mu 1995, koma nkhani ya ngozi sidadzukenso. Chimene chidatsala m'mitu ya anthu n'chakuti boma likanena kuti munthu wotchuka wafa pangozi, ndi bwino kuyamba wadikira.

Kalata ya maepiskopi a mpingo wa Katolika ya pa 8 Malichi 1992 idaonetsa mbali ina ya nkhani yomweyi. Anthu adaimva ndi makutu awo ikuwerengedwa m'matchalitchi, ku Bembeke, ku Mua, ku Nsipe monganso m'maparishi ena onse, ndipo adadziwa kuti inkanena za umphawi, za malipiro ochepa ndi za kumangidwa kwa anthu popanda mlandu. Patapita masiku, wailesi ndi nyuzipepala zidayamba kuifotokoza ngati chikalata choukira boma, maepiskopi adanyozedwa, ndipo malo osindikizira mabuku a ku Balaka kumene kalatayo idasindikizidwa adatenthedwa. Uku kunali kulakwitsa kwakukulu kumbali ya ofalitsa nkhani a nthawiyo, popeza ankanamiza anthu pa chinthu chimene anthuwo adadzimvera okha. Pamene kunyanyala ntchito kwa mu Meyi chaka chomwecho kudasanduka zipolowe ku Blantyre ndi ku Lilongwe, anthu ambiri n'kuwomberedwa, amene ankafuna kudziwa zenizeni ankatchera BBC kapena wailesi ya ku South Africa imene inkaulutsa m'Chichewa, mawu ake atatsitsidwa kuti woyandikana naye nyumba asamve.

Ufulu wa atolankhani udalembedwa m'gawo 36 la malamulo aakulu a dziko lino, ndipo kuchokera mu 1993 nyuzipepala ndi mawailesi zidachuluka. Komabe kuchuluka sikudabweretse kuima paokha. Nyuzipepala ya The Nation idayambitsidwa ndi a Aleke Banda, amene anali mtsogoleri m'chipani cha UDF. Times idakhalabe yolumikizana ndi banja la Kamuzu. Wailesi ya Joy inkadziwika kuti ndi ya a Bakili Muluzi, ya Galaxy ndi ya kubanja la a Mutharika, ndipo a Gospel Kazako, amene adayambitsa Zodiak mu 2005, adadzakhala nduna yofalitsa nkhani mu 2020. Izi sizikutanthauza kuti mtolankhani aliyense wa m'nyumba zimenezi amalemba zimene mwini wake akufuna. Ena mwa iwo alembapo nkhani zowawa kwa mabwana awo omwe. Koma womvera wa kumudzi amadziwa eni ake a mawailesiwa bwino lomwe, ndipo asanamve n'komwe zimene zanenedwa amayamba wafunsa kuti yanena ndi wailesi ya ndani.

Tsiku la 20 Julayi 2011 ndi limene liyenera kuunikidwa mofatsa, chifukwa njira zonse zobisira anthu choona zidaonekera pamodzi. Dziko linali pa mavuto a kusowa kwa mafuta a galimoto ndi ndalama zakunja, kazembe wa dziko la Britain anali atathamangitsidwa mu Epulo, ndipo mabungwe omwe si a boma adaitanitsa zionetsero m'mizinda yonse. Dzulo lake, anyamata onyamula zikwanje adazungulira mzinda wa Blantyre pa galimoto za chipani cholamula masana dzuwa likuswa mtengo. Galimoto za wailesi ya Zodiak zidaphwanyidwa masiku omwewo. Pa tsiku lenilenilo, anthu ovala zofiira ali m'misewu, wailesi ndi kanema wa boma zinkaulutsa phunziro limene mtsogoleri wa dziko, a Bingu wa Mutharika, ankapereka kunyumba ya boma, ngati kuti kunja kulibe chimene chikuchitika. Bungwe la MACRA, limene limapereka ziphaso kwa mawailesi, lidaletsa mawailesi omwe si a boma kuulutsa zionetserozo pamene zinkachitika, ndipo ena monga Capital, Joy ndi MIJ adazimitsidwa kwa kanthawi. Atolankhani angapo adamenyedwa ndi apolisi ku Lilongwe. Pomatha masiku awiri anthu 20 anali atafa, ambiri mwa iwo ku Mzuzu.

Chifukwa chimene chidaperekedwa poletsa mawailesiwo chinali chakuti kuulutsa kukukolezera ziwawa. Mfundoyi si yopanda pake kwenikweni, pakuti mtolankhani wolankhula mopupuluma ali pakati pa chipwirikiti angathe kuitanira anthu kumene kukubedwa katundu. Koma zotsatira zake zidali zosiyana ndi zimene oletsawo ankafuna. Mayi wa ku Golomoti amene mwana wake ankagulitsa malonda mu Lilongwe sadakhazikike mtima chifukwa choti wailesi yakhala chete. Adayamba kuimbira foni aliyense amene akadadziwa kanthu, ndipo zimene adamva zinali zosefukira kuposa zimene mtolankhani akadanena. Wailesi ikazima pa tsiku la zipolowe, nkhani siima. Imangosamukira kwa anthu amene sangafunsidwe mlandu pa zimene anena.

Miyezi yotsatira idawonjezera mabala awiri. Mu Sepitembala 2011, wophunzira wa pa Polytechnic wodziwika ndi kudzudzula boma, Robert Chasowa, adapezeka atafa pasukulupo. Apolisi adalengeza kuti adadzipha, ndipo komiti yofufuza ya mu 2012 idapeza kuti adaphedwa. Kenaka pa 5 Epulo 2012 a Bingu wa Mutharika adamwalira, koma dziko silidauzidwe. Mawailesi akunja anali akunena kale za imfayo pamene akuluakulu a boma asanu ndi mmodzi adaonekera pa kanema wa MBC pakati pa usiku kudzanena kuti a Joyce Banda, amene anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, sangalowe pa mpando, osaulula kuti mwini mpandowo adatisiya. Imfayo idalengezedwa pa 7 Epulo. Munthu amene adaona zimenezi ali ndi zaka 15 lero ndi bambo kapena mayi wa pabanja pake, ndipo ndi yemweyo amene timamudzudzula kuti amakhulupirira za pa WhatsApp.

Komabe bodza lamkunkhuniza ngati limeneli silichitika tsiku ndi tsiku. Kusaona mtima kumene kumadya chikhulupiriro pang'onopang'ono kumabisala m'zinthu zing'onozing'ono zimene palibe angazitengere kukhoti. Choyamba ndi kasankhidwe ka mawu. Anthu omwewo, pa msewu womwewo, wailesi ina imawatchula kuti nzika zokhudzidwa, ina imati achiwembu, ina imati anyamata olipidwa. Nkhani ikati anthu atatu afa pa zipolowe, imakhala yabisa amene wawapha, pomwe ikati apolisi awombera anthu atatu, yanena chinthu chimene wina ayenera kuyankhapo. Ikati kunali kulimbana pakati pa magulu awiri, pamene gulu lina linali ndi zikwanje lina lili ndi zikwangwani za mapepala, yanama ngakhale kuti liwu lililonse palokha n'loona. Izi zidaonekanso mu Juni 2025 ku Lilongwe, pamene anthu a zikwanje adavulaza wotsogolera zionetsero a Sylvester Namiwa apolisi ndi asilikali ali pomwepo. Kanema wa pa mafoni adafika m'midzi nkhani za madzulo zisanawerengedwe, choncho aliyense amene adafewetsa nkhaniyo adagwidwa nthawi yomweyo.

Chiwerengero cha anthu nachonso chimapotozedwa mosavuta. Wojambula wofuna kuonetsa kuti zionetsero zakanika amafika m'mawa anthu asanasonkhane, kapena amajambula kumchira kwa gulu. Wofuna kuonetsa kuti dziko lonse laukira amaima pamene anthu athithikana n'kusiya kuonetsa misewu ina imene malonda akuyenda bwinobwino. Pa zimenezi nyumba zofalitsa nkhani zomwe si za boma sizingasambe m'manja. Pa zionetsero zina masitolo a anthu osalakwa adathyoledwa, maofesi adatenthedwa, amayi adavulidwa pamsewu, koma amene ankagwirizana ndi cholinga cha zionetserozo ankazitchula mongodutsa, kumapeto kwa nkhani, pomwe wailesi ya boma inkaonetsa kuba kokhako ngati kuti panalibe dandaulo lililonse lomveka. Wamalonda amene katundu wake adabedwa akamva wailesi imene amaikonda ikunena kuti zionetsero zinali zamtendere, amaphunzira kuti nayonso imasankha zoti inene.

Kuseri kwa zonsezi kuli ndalama. Wotsatsa malonda wamkulu m'dziko muno ndi boma pamodzi ndi makampani ake, ndipo mu 2010 nthambi za boma zidalamulidwa kusiya kutsatsa malonda m'nyuzipepala za kampani ya Nation chifukwa cha mmene zinkalembera. Mkonzi aliyense adamva uthengawo ngakhale sudapite kwa iye. Pansi pa mkonziyo pali mtolankhani wolandira malipiro osafika kumapeto kwa mwezi, kapena wolipidwa pa nkhani iliyonse imene yatuluka, amene amadalira chipondamthengo cha oitanitsa msonkhano kuti apeze yokwerera minibasi. Wandale akamunyamula pa galimoto yake, kumudyetsa nkhomaliro ndi kumupatsa kenakake m'envulopu, n'kovuta kuti madzulo ake alembe kuti anyamata a wandaleyo ndi amene adayamba kugenda. Sachita kuuzidwa kuti aname ayi. Amangosiya chiganizo chimodzi, ndipo chiganizo chosiyidwacho ndi chimene anthu amene analipo amachifunafuna akamamvera nkhaniyo.

Kwa ife a ku Dedza ndi ku Ntcheu pali vuto linanso limene a m'mizinda saliona, ndilo mtunda. Nyumba zambiri zofalitsa nkhani zili ndi mtolankhani mmodzi m'boma lonse, zina zilibiretu, ndipo iyeyo amakhala pa boma, alibe galimoto. Anthu akatseka msewu wa M1 pa Linthipe kapena pa Kampepuza, kapena mavenda akakangana ndi khonsolo pa nkhani ya ziphaso za mumsika, mtolankhaniyo amaimbira foni mneneri wa apolisi, n'kulemba zimene wauzidwa. Mneneriyo ndi wa mbali imodzi ya mkanganowo, mwinanso iye sanafike pamalopo. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo nkhani zambiri za zipolowe za m'maboma zimafika pa wailesi zitadutsa mwa akandimverere awiri kapena atatu. Anthu a pamalopo akamva kuti dzina la mudzi lalakwika, chiyambi cha mkangano chasinthidwa, ndipo palibe ngakhale mmodzi wa iwo amene wafunsidwa, saganiza kuti mtolankhani anasowa thiransipoti. Amaganiza kuti wagulidwa. Kenaka amaweruza nkhani za ku Karonga ndi ku Nsanje, zimene sangazione ndi maso, potengera mmene nkhani ya pakhomo pawo inapotokera.

Chaka cha 2019 chidabweretsa zoipa ndi zabwino mwakamodzi. Chisankho cha pa 21 Meyi chitatha, mapepala a zotsatira atapezeka ofufutidwa ndi Tipp-Ex, bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC lidatsogolera zionetsero kwa miyezi yambiri pofuna kuti wapampando wa bungwe loyendetsa chisankho la MEC, a Jane Ansah, atule pansi udindo. Mu Juni MACRA idaimitsa mapologalamu amene omvera amaimba foni pa wailesi, mpaka khoti lidachita kulowererapo. Atolankhani adamenyedwa ndi mbali zonse, apolisi, anyamata a chipani, ngakhalenso ochita zionetsero amene ankaona wonyamula kamera aliyense ngati kazitape. Ndipo mu Meyi 2020, pa nthawi ya kampeni ya chisankho chobwereza, kanema wa MBC adaonetsa pa nkhani zake mawu otukwana wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, a Saulos Chilima, otengedwa pa Facebook. Anthu a ku Ntcheu, kwawo kwa a Chilima, adaona wailesi yoyendetsedwa ndi misonkho yawo ikunyoza mwana wa kwawo ndi mawu amene munthu sanganene pamaso pa apongozi.

Chabwino chidachokera kukhoti. Oweruza asanu amene ankamva mlandu wa chisankho adalola kuti zokambirana ziziulutsidwa pa wailesi pamene zikuchitika, zikumasuliridwanso m'Chichewa. Kuyambira mu Ogasiti 2019 anthu m'magolosale, m'malo okonzera njinga ndi m'minda ankatsatira mboni iliyonse, n'kumakangana za mafomu ndi ziwerengero ngati maloya. Chigamulo cha pa 3 Febuluwale 2020, chimene chidawerengedwa tsiku lonse mpaka usiku, chidafafaniza chisankhocho, ndipo dziko silidayake moto monga ambiri ankaopera. Zifukwa zake n'zingapo, koma chimodzi mwa izo n'chakuti panalibe amene akadauza anthu zosiyana ndi zimene adadzimvera. Chizolowezi cha mawailesi ena chotumiza atolankhani kumalo owerengera mavoti kuti azilengeza zotsatira za dera lililonse chimagwira ntchito mofananamo: munthu wa ku Mayani akamva chiwerengero cha pasukulu pamene adavotera chikufanana ndi chimene chidamatidwa pakhomo, amakhulupiriranso za madera ena.

Nkhani ya ku Msundwe ikuonetsa mmene mbali iliyonse imatolera maliro ake okha. Pa 8 Okutobala 2019 wapolisi, a Usumani Imedi, adaphedwa ndi gulu la anthu amene adatseka msewu kumeneko. Apolisi atapita kukabwezera, amayi ndi atsikana a ku Msundwe, ku M'bwatalika ndi ku Mpingu adagwiriridwa. Bungwe la boma loona za ufulu wa anthu la MHRC lidafufuza n'kutsimikiza za nkhanzazo, ndipo mu Ogasiti 2020 bwalo lalikulu la milandu lidalamula kuti amayi ndi atsikana 18 apatsidwe chipepeso. Zonse ziwirizi zidachitika, ndipo zonse ndi zoopsa. Koma amene ankadalira mbali imodzi ya ofalitsa nkhani adamva kwambiri za wapolisi wophedwa, enawo adamva kwambiri za amayi ogwiriridwa, ndipo mpaka lero dzina la Msundwe limatanthauza zinthu ziwiri zosiyana malinga ndi wailesi imene munthu ankatsegula.

Masamba a mchezo adapeza munda wolimidwa kale. Mphamvu ya uthenga wa pa WhatsApp si yakuti ndi woona, koma yakuti umafika msanga, umalankhula chilankhulo cha womvera, ndipo umabwera kudzera mwa mlamu, mnzako wa kutchalitchi kapena gulu la banki m'khonde, anthu amene sunawagwirepo bodza. Uthenga wa mawu safuna kuti munthu adziwe kuwerenga. Nthawi zina mafoniwa aululadi zimene nyumba zikuluzikulu zinkazengereza kunena, ndipo n'chifukwa chake sitingangowatcha onama. Koma njira yomweyo imanyamula chithunzi cha zaka zisanu zapitazo ngati cha lero, kapena cha dziko lina ngati cha kuno. Ife okhala m'malire tidaziona bwino chisankho cha ku Mozambique cha pa 9 Okutobala 2024 chitatha, pamene a Venâncio Mondlane, amene adapikisana nawo pa mpando wa mtsogoleri wa dzikolo, ankaitanitsa zionetsero kudzera pa Facebook, boma la kumeneko likudula intaneti ya pa mafoni, anthu mazanamazana n'kufa. Pa Lizulu msewu ndiwo malire, ndipo mabanja ali mbali zonse ziwiri. Galimoto zonyamula mafuta zidavutika kudutsa, mizere pa malo omwetsera mafuta idatalika, koma nkhani zotsimikizika za zimene zinkachitika ku Angónia ndi ku Tete zinali zosowa, popeza nyumba zathu zofalitsa nkhani zimadalira mabungwe akunja amene maso awo amakhala ku Maputo. Munthu wofuna kudziwa ngati n'kotheka kupita ku Ulongwe wa ku Angónia kukagula katundu ankangodalira kanema wopanda tsiku ndi dzina la malo.

Mtengo wa zonsezi udaonekera pa imfa ya a Chilima. Ndege ya asilikali imene adakwera pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu idanyamuka ku Lilongwe m'mawa wa pa 10 Juni 2024 kupita ku Mzuzu, ndipo idasowa m'mawa momwemo. Uthenga wa boma udatuluka patapita maola ambiri, mtsogoleri wa dziko adalankhula usiku, ndipo zidutswa za ndegeyo zidapezeka mawa lake m'nkhalango ya Chikangawa, onse atafa. M'maola amene kunali zii, mafoni anali atadzaza kale ndi mafotokozedwe a mtundu uliwonse. Pa 16 Juni, thupi likupita ku Nsipe, anthu okwiya adatseka msewu m'malo ena ndi kugenda galimoto za pa mdipiti, ndipo ku Ntcheu galimoto ina idawomba anthu, anayi n'kufa. Maliro adaikidwa mawa lake anthu ali ndi mafunso ochuluka kuposa mayankho.

Pambuyo pake padatuluka malipoti awiri. Akatswiri a ku Germany ofufuza za ngozi za ndege adapeza, mwa zina, kuti ndegeyo inalibe makina osunga mawu a oyendetsa ndi kayendedwe kake, ndiponso kuti batire la kachipangizo kothandiza kupeza ndege ikagwa lidatha mphamvu kalekale. Komiti imene boma lidakhazikitsa idanena mu Disembala 2024 kuti sidapeze umboni wa chiwembu, ndipo idaloza ku nyengo yoipa ndi zolakwika za anthu. Komabe mukacheza ndi anthu m'minibasi za pakati pa Dedza ndi Ntcheu mupeza ambiri amene sadakhutire, ndipo mukawafunsa chifukwa, satchula za mitambo kapena za injini. Amatchula Mwanza, amatchula Chasowa. Apa ndi pamene kuipa kwa bodza lakale kumaonekera kwathunthu, chifukwa lipoti ngakhale litakhala loona kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, limafika kwa anthu kudzera pa milomo imene idawanamizapo, ndipo alibe njira yosiyanitsira tsiku limene akuuzidwa zoona ndi tsiku limene akupusitsidwa. Mtolankhani woona mtima amalipira ngongole imene adatenga ndi ena.

Kumbali ya malamulo zinthu zasinthako ndithu. Gawo 46 la malamulo a milandu, limene lidapatsa nduna mphamvu yoletsa nyuzipepala, lidachotsedwa mu 2012. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020, ndipo milandu yonyoza mtsogoleri ndi kuukira boma ndi mawu idachotsedwa mu 2022. Pali bungwe la MISA Malawi loteteza atolankhani, ndi la Media Council of Malawi kumene munthu wolakwiridwa ndi nkhani angakadandaule, ngakhale kuti ndi anthu ochepa a kumudzi amene adamvapo za njira imeneyi. Koma chaka chomwecho cha 2022 mtolankhani wofufuza nkhani za katangale, a Gregory Gondwe, adatsekeredwa ndi apolisi n'kulandidwa foni ndi kompyuta pofuna kuti aulule amene adamupatsa zikalata, ndipo lamulo la 2016 lokhudza za pa intaneti lakhala likugwiritsidwa ntchito kumanga anthu chifukwa cha zimene alemba pa mafoni. Izi zidachitika pansi pa boma la anthu amene iwo eni ankadandaula za kuponderezedwa ali kotsutsa.

Nkhani ya MBC ndi imene yakanika maboma onse. Lamulo limati wailesiyi itumikire Amalawi onse mosakondera, koma bodi yake, monganso ya MACRA, imasankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko, ndipo ndalama zake zambiri zimachokera ku boma. Chipani chilichonse chikakhala kotsutsa chimalonjeza kuimasula. Chikalowa m'boma chimapeza kuti chida chimene chinkachipweteka chija n'chokoma kuchigwira. Zidatero mu 1994, mu 2012, mu 2014, ndipo ngakhale kuti pambuyo pa 2020 otsutsa adayamba kumvekako, madandaulo a kukondera adabweranso chisankho cha 2025 chikuyandikira. Izi zimapweteka kwambiri madera ngati kumapiri a Dedza ndi kutsidya kwa Kirk Range, kumene nyuzipepala sifika, ndalama ya bandulo ndi yosowa, ndipo wailesi ya mabatire ndiyo khomo lalikulu lolowera nkhani. Mawailesi a m'madera, monga ya ku Bembeke, ali ndi mwayi umene akuluakulu aja alibe, woti mtolankhani wake amadziwa mudzi, mfumu ndi chiyambi cha mkangano, ndipo akanama amakumana ndi omvera ake pamsika tsiku lotsatira. Koma ambiri mwa mawailesi otere amayendera anthu ongodzipereka ndi thandizo la mabungwe, ndipo nkhani za ndale zikatentha amazipewa poopa kulandidwa chiphaso, n'kusiya omvera awo m'manja mwa uthenga wa pa foni.